Mmene mungagulire akatswiri pa okushoni ya fantasy baseball mu ligi ya keeper

Amene anazolowera Fantasy Premier League amasokonezeka tsiku loyamba akalowa pa okushoni ya fantasy baseball. Kuja mitengo amaika ndi eni masewerawo, ndipo Haaland mmodzi yemweyo angakhale m'matimu a anthu mamiliyoni. Kuno ayi. Katswiri womenya mpira Aaron Judge alipo mmodzi mu ligi yonse, ndipo amapita kwa amene watchula mtengo womaliza ena onse atatseka pakamwa.

Masewerawa anayambira ku New York mu 1980, pomwe Daniel Okrent ndi anzake ankakumana mu lesitilanti yotchedwa La Rotisserie Française, n'chifukwa chake mpaka lero anthu amati ligi ya roto. Dongosolo lomwe linakhazikika n'loti aliyense amapatsidwa $260 zongoyerekeza kuti agule osewera 23, omenya mpira 14 ndi oponya 9. Mu ligi ya keeper muli chinanso: nyengo ikatha simumwaza timu yonse, mumasunga osewera angapo pa mtengo womwe munawagulira kapena wowonjezera pang'ono. Kusungako ndi kumene kumasintha mitengo ya akatswiri pa okushoni yotsatira, ndipo anthu ambiri amalowa m'chipindamo atanyamula mndandanda wa mitengo wa ligi yoyambira pachiyambi, n'kumadabwa kuti wosewera wa $40 akupitiranji pa $52.

Maganizo anga ndi awa, ndipo zonse zili m'munsimu zikuchokera pomwepa. Katswiri mumamugula kuti akupambanitseni chaka chino, pa mtengo wokwera womwe ligi yanu yadzipangira. Phindu la kusunga limachokera kwa osewera otsika mtengo. Mukasakaniza ziwirizi mumaopa kulipira pomwe mukuyenera kulipira, n'kutsala ndi ndalama zopanda ntchito.

Choyamba: werengani malamulo a ligi, cholembera chili m'manja

Maligi a keeper safanana, ndipo kusiyanako kumaoneka pa mitengo. Fufuzani kuti timu iliyonse imasunga osewera angati, mtengo wa wosungidwa umakwera bwanji, ndipo angasungidwe zaka zingati. M'malamulo akale a roto, wosewera amakhala pa mtengo womwewo chaka chachiwiri, ndipo chaka chachitatu chisanayambe mumasankha kumupatsa kontilakiti yaitali powonjezera $5 pa chaka chilichonse chowonjezera. Maligi ambiri a pakati pa abwenzi amangoti $5 chaka chilichonse basi. Webusaiti ya Ottoneu ili ndi zake: $400, osewera 40, wosewera wa mu MLB (ligi yaikulu ya baseball ku America) amakwera ndi $2 pa chaka, komanso anzanu amapatsidwa ndalama zoti akwezere mitengo ya osewera anu omwe akuona kuti mwawapeza motchipa.

Onaninso mmene mapointi amawerengedwera. Mu 5x5, kutanthauza magulu asanu a omenya ndi asanu a oponya, omenya amapikisana pa ma run, ma home run, RBI (ma run olowa chifukwa cha kumenya kwawo), ma stolen base (kuba ma base) ndi batting average (kawirikawiri ka kumenya bwino), pomwe oponya amapikisana pa ma win, ma strikeout, ma save (kuteteza chipambano kumapeto kwa masewera), ERA (ma run omwe amalola) ndi WHIP (omenya omwe amawalola kufika pa base). Ligi ikachotsa batting average n'kuika on-base percentage (kawirikawiri ka kufika pa base), munthu ngati Juan Soto, yemwe amalandira ma walk ochuluka (kupita pa base osamenya, woponya akaphonya kanayi), mtengo wake umalumpha. Funsaninso za Shohei Ohtani, yemwe amamenya komanso kuponya. Webusaiti ya Yahoo inamugawa pawiri, womenya payekha ndi woponya payekha, pomwe malo ena amamuwerenga ngati munthu mmodzi. Kugula Ohtani musanadziwe kuti mukugula uti ndi kutaya ndalama ndi maso otseka.

Chachiwiri: pezani mtengo wa aliyense ngati kuti palibe wosungidwa

Apa sipofunika kutaya nthawi yambiri. Pa webusaiti ya FanGraphs pali zoyerekeza mmene osewera adzachitire, monga za Steamer, ZiPS, ATC ndi THE BAT, komanso Auction Calculator yomwe mumalowetsamo chiwerengero cha matimu, malo a osewera ndi magulu a mapointi, iyo n'kukupatsani mtengo wa aliyense m'madola. Ine ndimakonda ATC chifukwa imasakaniza zoyerekeza zingapo, motero sitengeka kwambiri ndi wosewera mmodzi. Maligi ambiri amawononga pakati pa 65 ndi 70 peresenti ya ndalama pa omenya, yotsalayo pa oponya. Ngati muli ndi zotsatira za okushoni ya ligi yanu za zaka zapitazi, gwiritsani ntchito gawo lomwe anzanuwo amatsatadi. Sinthani mitengo ya osewera ochepa omwe muli nawo chifukwa chomveka, monga kuvulala komwe makina sanakuone, ena onse asiyeni.

Chachitatu: werengerani kukwera kwa mitengo

Pano ndiye pagona nkhani, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Palibe amene amasunga wosewera wodula kuposa ntchito yake. Aliyense amasunga amene anamupeza motchipa: mnyamata wa $4 yemwe lero akuyenera $25, woponya wa $2 yemwe wasanduka closer, wotsekera masewera amene amapeza ma save. Zotsatira zake n'zakuti osewera abwino ambiri achoka pa msika, koma ndalama zomwe zachoka nawo n'zochepa. Zili ngati chimanga mu Febuluwale: ogula ndi omwewo, ndalama zilipo, matumba ndi amene achepa.

Tiyerekeze ligi ya matimu 12. Ndalama zonse ndi 12 kuchulukitsa ndi $260, zomwe ndi $3,120, ndipo malo onse ndi 276. Timu iliyonse yasunga osewera 7, onse pamodzi 84. Mukawonkhetsa mitengo yomwe asungidwira mukupeza $780, koma mukawonkhetsa mitengo yawo yeniyeni ya pa sitepe yachiwiri mukupeza $1,320. Ndalama zotsala m'matumba ndi $3,120 kuchotsa $780, kutsala $2,340. Mtengo weniweni wa osewera otsala pa msika ndi $3,120 kuchotsa $1,320, kutsala $1,800. Gawani 2,340 ndi 1,800, yankho ndi 1.30. Mitengo yakwera ndi 30 peresenti, ndipo wosewera wa $40 tsopano ndi wa $52.

Anthu ambiri amalekera pomwepa, koma pali kachinthu kena komwe kamakankhira ndalama zambiri kwa akatswiri. Wosewera wa $1 amakhalabe wa $1 ngakhale mitengo ikwere chotani, chifukwa kumapeto kwa okushoni palibe amene amakhala ndi ndalama zomulimbirana. Ndiye dola yoyamba ya malo aliwonse ichotseni kaye. Malo otsala ndi 192. Ndalama zopikisanira ndi $2,340 kuchotsa 192, kutsala $2,148. Mtengo wopikisanira ndi $1,800 kuchotsa 192, kutsala $1,608. Kugawa ziwirizi kukupereka pafupifupi 1.34. Wosewera wa $40 uja ndi dola imodzi kuphatikiza 39 kuchulukitsa ndi 1.34, pafupifupi $53. Wa $5 akungofika pa $6.

Kusiyana kwa $52 ndi $53 n'kochepa, koma phunziro lake n'lalikulu. Mu ligi zenizeni osewera a pansi sakwera ngakhale ndi dola imodziyo, motero ndalama zonse zowonjezera zimathamangira pamwamba. Musadabwe katswiri yemweyo akafika $56 kapena $57. Si misala ya anzanu, ndi masamu.

Chitaninso mawerengedwe omwewa padera kwa omenya ndi kwa oponya, ndipo yang'anani malo ochepa anthu. Ngati ma closer odalirika ambiri asungidwa kale, atatu otsalawo adzapita pa mtengo womwe suli pa pepala la aliyense. Chimodzimodzi ma catcher (owakha mpira kumbuyo kwa womenya) mu ligi yofuna awiri pa timu. Mndandanda wa osungidwa ukangotuluka, khalani pansi usiku womwewo n'kuwerengera.

Mawerengedwewa amathandizanso posankha oti musunge. Katswiri yemwe munamugula $45, mtengo wake weniweni ndi $40, amaoneka ngati woyenera kutayidwa. Koma ngati msika udzamugulitsa $53, kumusunga pa $45 kapena $50 n'kupulumutsa ndalama. Yerekezani mtengo wosungira ndi mtengo wokwerawo, osati ndi wa m'magazini.

Chachinayi: dziuzeni zoona za timu yanu

Wonkhetsani phindu la osungidwa anu, ndiko kuti mtengo weniweni kuchotsa mtengo wosungira, kenako chitani zomwezo pa matimu ena onse. Ngati muli m'gulu la anayi kapena asanu apamwamba, chino ndi chaka chanu ndipo muyenera kugula akatswiri molimba mtima. Phindu lomwe munasunga lija ndi lomwe likukupatsani mphamvu yolipira mitengo yokwera popanda timu kupendekera.

Ngati muli kumunsi, njira yanu ndi ina, koma sikuti musiye akatswiri. Gulani mmodzi kapena awiri omwe aliyense amawadziwa, ndipo pofika Juni kapena Julayi muwagulitse kwa omwe akulimbirana chikho posinthana ndi achinyamata otsika mtengo. Onetsetsani kaye kuti ligi yanu imalola kusinthana kotere, popeza ena anaika malire a ndalama za pakati pa nyengo pofuna kuletsa zimenezi. Njira ina ndi kugula katswiri wovulala. Opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John imasunga woponya kunja kwa chaka kapena chaka ndi theka. Gerrit Cole anachitidwa opaleshoniyi mu Malichi 2025, nthawi yomwe maligi ambiri anali asanachite okushoni. Timu yomanga za m'tsogolo ikagula munthu wotero pa madola ochepa n'kumuika pa mndandanda wa ovulala, imakhala ndi woponya wa dzina pa mtengo wa mwana chaka chotsatira. Kuti adzabwerera ali monga kale palibe angalonjeze, n'chifukwa chake mtengo wake uyenera kukhala wochepadi.

Chachisanu: akatswiri angati, ndipo amtundu wanji

Kukula kwa ligi ndiye kumayankha funso loyamba. Mu ligi ya matimu 10 kapena 12 yosankha kuchokera m'matimu onse 30 a MLB, osewera omwe sanagulidwe n'komwe amakhala abwino ndithu, oti amasewera tsiku lililonse. Pamenepo njira yomwe Amereka amati stars and scrubs imagwira: akatswiri atatu kapena anayi odula, ena onse a madola ochepa, ndipo wolephera mumamusintha mu Epulo popanda kulira. Mu ligi ya American League yokha kapena National League yokha, komwe mukusankha m'matimu 15, wosewera wa $1 amakhala wokhala pa benchi. Kumeneko mwazani ndalama, gulani katswiri mmodzi, mwina awiri, yotsalayo ipite kwa anthu omwe adzakhala m'bwalo masewera ambiri mwa 162 a nyengo.

Funso lachiwiri ndi lovuta. Ndalama zazikulu ndimaziika pa omenya, makamaka omwe amathandiza m'magulu onse asanu. Bobby Witt Jr. mu 2024 anali ndi batting average ya .332, ma home run 32 ndi ma stolen base 31. Ohtani chaka chomwecho anamenya ma home run 54 n'kuba ma base 59, munthu woyamba kufika 50 mbali zonse ziwiri, ndipo anachita zimenezi osaponya mpira ngakhale umodzi chifukwa chigongono chinali chikuchira. Anthu otere palibe njira yowapangira posonkhanitsa osewera atatu a $15, chifukwa atatuwo akudya malo atatu pomwe iye akudya amodzi.

Oponya ndi nkhani ina. Spencer Strider anatsogola mu 2023 ndi ma strikeout 281 ndi ma win 20, n'kukhala woponya wodula kwambiri pa okushoni zambiri za 2024. Anayamba masewera awiri okha, chigongono n'kuthera ku opaleshoni. Jacob deGrom, wopambana mphoto ya oponya ya Cy Young mu 2018 ndi 2019, anangoyamba masewera ochepa ku Texas mu 2023 nayenso n'kuthera komweko. Edwin Díaz anavulala bondo akusangalalira chipambano pa World Baseball Classic mu Malichi 2023, nyengo yonse osaponya. N'chifukwa chake kalekale Ron Shandler anabwera ndi njira ya LIMA, yogula oponya otchipa aluso lobisika m'malo mwa mayina aakulu. Sindikunena kuti Tarik Skubal kapena Paul Skenes musawayandikire. Woponya mmodzi wa pamwamba amakhazika pansi ERA ndi WHIP ya timu yonse. Koma awiri opitirira $35 pa timu imodzi ine sindingayese, ndipo closer wopitirira $20 ndimamusiyira ena.

Omenya nawonso amathyoka. Ronald Acuña Jr. anamenya ma home run 41 n'kuba ma base 73 mu 2023, kenako mu Meyi 2024 bondo linaduka mtsempha. Judge, atamenya 62 mu 2022, chaka chotsatira anagunda mpanda ku Dodger Stadium n'kuvulala chala cha kuphazi, n'kusewera masewera 106 okha. Mike Trout anasewera 36 mu 2021 ndi 29 mu 2024. Ngozi ngati ya Judge simungaiwerengere. Koma mbiri ngati ya Trout ili poyera, ndipo iyenera kuchotsa madola angapo pa mtengo wanu. Lamulo langa n'loti wosewera mmodzi asadye kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a $260 ija, kupatula ngati osungidwa anga ali olemera kwambiri.

Kanthu kena kakang'ono. Kuyambira 2023, MLB itakulitsa ma base kuchoka pa mainchesi 15 kufika 18 n'kuchepetsa maulendo omwe woponya angaponyere ku base pofuna kugwira wothamanga, kuba ma base kunachuluka kwambiri. Choncho musalipire mtengo wa katswiri kwa munthu yemwe ntchito yake ndi liwiro lokha. Liwiro limapezekanso kumapeto.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani akatswiri m'magulu, lembani malire

Musalowe ndi dzina limodzi mu mtima. Wolowa akunena kuti zivute zitani Judge ndi wake amalipira chilichonse, ndipo anzake amamudziwa. Ikani osewera a pamwamba m'magulu a anthu ofanana mphamvu, mwachitsanzo omenya asanu a gulu loyamba, asanu ndi atatu a gulu lachiwiri, oponya anayi a gulu loyamba. Cholinga chanu chikhale chakuti mutenge awiri m'gulu loyamba, kaya ndi ati.

Pambali pa dzina lililonse lembani manambala awiri: mtengo wokwera womwe mwawerengera, ndi malire omwe simudzapitirira. Kwa a gulu loyamba ndimalola malire kupitirira mtengo ndi $2 kapena $3. Kwa a pakati sindilola ngakhale dola. Chifukwa chake n'chakuti wosewera wa $18 ali ndi anzake khumi ofanana naye, pomwe wa $50 alibe.

Kenako gawani ndalama zanu pa malo otsala. Ngati mwasunga 7 pa $70, mwatsala ndi $190 ya malo 16. Mungalembe kuti $54, $46, $28, $18, $12, $8, $6, $5, $4, $3, kenako malo asanu ndi limodzi a $1. Pepala limeneli si lamulo, ndi poyambira. Mukalipira $57 pomwe munalemba $54, chotsani $3 pa malo ena nthawi yomweyo, musanatchule mtengo wina.

Chachisanu ndi chiwiri: kutchula mayina

Pa okushoni anthu amasinthana kutchula dzina la wosewera woti apikisaniridwe, ndipo mwayi umenewu ambiri amangowutaya. Malangizo akale amati tchulani akatswiri omwe simukuwafuna kuti anzanu athe ndalama. Ndi oona, koma osati nthawi zonse. Amagwira bwino mukatchula munthu wa malo omwe inu mwadzaza kale ndi wosungidwa. Muli ndi shortstop wotchipa? Tulutsani ma shortstop odula mmodzimmodzi, enawo akanganirane.

Koma mu ligi ya keeper, dzina loyamba kapena lachiwiri la tsikulo kawirikawiri limapita motchipa kuposa omwe akubwera. Anthu amakhala asanatenthe, ena akuyang'anabe mitengo ya m'magazini, ndipo $48 imawaopsa. Pakatha mphindi makumi awiri, $48 yomweyo imaoneka ngati mwayi. Ngati mwawerengera bwino ndipo mukudziwa kuti katswiri uyu ndi wa $53, khalani wokonzeka kumugula pa mphindi yoyamba. Nthawi zina ndimatchula ndekha munthu yemwe ndikumufuna koyambirira kwenikweni pa chifukwa chimenechi.

Choopsa kwambiri ndi munthu womaliza wa gulu. Omenya anayi a gulu loyamba akapita, wachisanuyo amapeza matimu atatu omwe onse anadikira, onse ali ndi ndalama, onse azindikira nthawi imodzi kuti palibenso wina. Ameneyo ndi amene amaswa mbiri ya mtengo. Gulani wachiwiri kapena wachitatu wa gulu, ndipo womalizayo mumutchule inuyo mutagula kale, muonerere.

Chachisanu ndi chitatu: mpikisano uli mkati

Tchulani mitengo pa osewera ambiri, ngakhale omwe simukuwafuna, bola mukhale pansi pa mtengo wawo ndi madola angapo. Munthu amene amangolankhula pa osewera omwe akuwafuna amawerengeka ngati buku. Sungani liwiro limodzi. Ngati mumayankha msanga nthawi zonse kenako n'kuyamba kudikira wogulitsa anene kuti kamodzi, kawiri, anzanu adziwa kuti mwafika kumapeto.

Anthu amaima pa manambala ozungulira. Ambiri analemba $40, $45 kapena $50 ngati malire. Mtengo ukakhala pa $48 ndipo malire anu ndi $53, lumphani n'kunena $50 nokha, mnzanuyo akakamizike kunena $51, nambala yomwe sanakonzekere. Kapena ngati iye wanena $50, inu nenani $51 mosazengereza. Kulumpha kwakukulu, monga kuyamba ndi $45 pa munthu wa $53, nthawi zina kumazizira chipinda chonse, makamaka pa intaneti pomwe wotchi ikuthamanga. Koma musalumphe kufika pa malire anu enieni, chifukwa mwina mukanamupeza ndi zochepa.

Pali chizolowezi chokweza mtengo dala kuti mnzanu asapeze katswiri motchipa. Chili ndi malo ake, popeza mu keeper wosewera wopita motchipa amakuvutitsani zaka zitatu osati chimodzi. Koma chitani zimenezi pokhapokha ngati mungakondwe kutsala naye pa mtengo womwe mwatchulawo, ndipo malo ake pa timu yanu alipo. Kupanda apo mudzagula first baseman wachiwiri wa $38 yemwe simunamufune, pulani yonse n'kugwa.

Mukafika pa malire, siyani. Mnzanu akapitirira ndi dola imodzi, mtima umanena kuti dola imodzi si kanthu. Iye akunenanso chimodzimodzi, ndipo umu ndi mmene wosewera wa $53 amafikira $62.

Ndipo musamadziuze kuti mulipira zambiri chifukwa mudzamusunga zaka zingapo. Katswiri wogulidwa pa $56 mu ligi yowonjezera $5 adzakhala wa $61 chaka chamawa, ndipo mosakayika mudzamubweza pa msika. Wachinyamata wotchuka ndiye msampha woposa. Aliyense m'chipindamo amafuna kukhala mwini wa nyenyezi ya mawa, motero mnyamata wa zaka 22 yemwe ntchito yake ya chaka chino ndi ya $20 amapita pa $33, ndipo phindu lomwe mumati mudzasunga mwalilipira kale lero. Pomwepo n'kuti bambo wa zaka 33 womenya ma home run 30 chaka ndi chaka akupita pa mtengo wake weniweni chifukwa palibe amene akumulota. Timu yofuna chikho igule bamboyo.

Chachisanu ndi chinayi: yang'anirani matumba a anzanu

Ndalama zambiri zomwe munthu angatchule ndi zomwe watsala nazo kuchotsa dola imodzi pa malo ena aliwonse otsala. Wotsala ndi $60 ndi malo 10 sangapitirire $51. Yahoo, ESPN, CBS ndi Fantrax amaonetsa nambala imeneyi pa sikirini, koma mukakumana pamaso lembani nokha kapena pemphani wina akulembereni. Musanapikisane pa katswiri yang'anani kuti ndani angakufikeni, ndipo ndani akufunadi malo amenewo. Nthawi zina mupeza kuti mwa anthu khumi ndi mmodzi, opikisana nanu enieni ndi awiri.

Akagulidwa osewera 15 kapena 20 oyamba, yerekezani mitengo yomwe apitira ndi yomwe munalemba. Ngati onse pamodzi apitirira ndi $60, ndiye kuti $60 imeneyo yachoka pa osewera a pakati, ndipo kutsogoloku kuli zotchipa. Khazikani mtima pansi, mudzakolola pa $14 anthu a $20. Koma ngati akupita pansi pa mitengo yanu, musadzitame kuti ndinu wodekha. Ndalama zomwe anthu akusungazo zidzaphulika pa osewera wamba, ndipo mudzaona outfielder wa $12 akupita pa $24 chifukwa anthu alibenso pozitayira. Zikatero gulani tsopano, ngakhale katswiri wachitatu yemwe sanali mu pulani. Ndalama yotsala okushoni ikatha sipita kulikonse, imangofa.

Kwa amene muli ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg mukusewera ndi anthu a ku America, kumbukirani kuti kumapeto kwa Malichi 8 koloko madzulo ku New York ndi 2 koloko usiku kwanu, ndipo okushoni imatha maola anayi kapena kuposa. Gonani masana, tchajani foni ndi laputopu, khalani ndi bandulo yapadera. Intaneti ikaduka, makina amakugulirani okha potsatira mitengo yawo, yomwe sidziwa kanthu za ligi yanu.

Chakhumi: madola omaliza

Pogula akatswiri siyani $10 kapena $15 yopitirira dola imodzi pa malo aliwonse otsala. Kumapeto, pomwe ambiri angathe kunena $1 yokha, munthu wokhala ndi mphamvu yonena $2 kapena $3 amatenga aliyense amene akumufuna. Osungidwa a chaka chamawa amagulidwa pa ola limeneli: woponya wa inning yachisanu ndi chitatu yemwe ali kumbuyo kwa closer wogwedera, mnyamata wa ku Triple-A, ligi yapansi pa MLB, yemwe akuyembekezeka kukwera mu Meyi monga anachitira Skenes mu 2024, womenya yemwe manambala ake a pa webusaiti ya Baseball Savant akuonetsa kuti amamenya mpira mwamphamvu kuposa mmene zotsatira zake zikunenera.

Apa katchulidwe ka mayina kamatembenuka. Musatchule munthu yemwe simukumufuna, chifukwa mwina palibe adzayankhe ndipo adzakhala wanu pa $1. Musatchulenso yemwe mukumufunitsitsa ngati pali wina wokhala ndi ndalama zoposa zanu ndi malo omwewo. Dikirani adzaze malowo kaye. Ndipo ngati yemwe angakupikiseni sangapitirire $3, yambani ndi $3 inuyo, asapeze poyankhira.